Yapha Makwaya Athu ndi Kiyibodi, Cello Musainamizire

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo wokhumudwa akhumudwe ndithu. Pali anthu ena, ambiri mwa iwo okonda tchalitchi zedi, amene akamva nyimbo ya Mulungu ikulizidwa ndi zida zokha popanda mawu amakwinya nkhope n'kunena kuti imeneyo si nyimbo ya Mulungu ayi, ndi masewera a azungu. Anthu omwewo Lamulungu lililonse amakhala phee pabenchi, kiyibodi ikubangula mpaka malata kunjenjemera, liwu la kwaya osamveka ngakhale limodzi, koma osadandaula. Ine ndikuti akuloza chala munthu wosalakwa pamene mbala yeniyeni yakhala kutsogolo, pafupi ndi gome la abusa, yolumikizidwa ku jenereta.

Ndiyambe ndi chida chomwe chikunamiziridwacho, poti ambiri kuno ku Kasungu sitinachigwirepo. Cello ndi mkulu wake wa vayolini. Ili ndi nsambo zinayi, woimba amakhala pampando, n'kuiimika pakati pa miyendo, n'kumakwecha nsambozo ndi uta. Amene munaonapo kaligo kumudzi mwamva kale zomwe ndikunena, nzeru yake ndi imodzimodzi, kungoti kaligo n'kakang'ono ndipo kali ndi nsambo imodzi. Chodabwitsa cha cello n'chakuti imatsika mpaka pomwe amafika bambo wa besi, n'kukweranso mpaka pomwe amafika mayi wa sopulano. Ndiye mukakhala ndi ma cello anayi, muli ndi kwaya yathunthu. N'chifukwa chake kunja kuno kuli magulu a ma cello okhaokha. Lodziwika kwambiri ndi la anthu 12 a mu Berlin Philharmonic ku Germany, lomwe linayamba mu 1972. Magulu otere, aakulu ndi a ana asukulu omwe, amakonda kutenga nyimbo za m'tchalitchi za m'zaka za m'ma 1800, za anthu ngati Anton Bruckner, Felix Mendelssohn ndi Gabriel Fauré, n'kuzisamutsira ku nsambo. Lowani pa YouTube mukakhala ndi bandulo, muzipeza zambirimbiri.

Tsopano taonani ntchito yomwe amagwira munthu wosamutsa nyimbo yotere. Titenge Locus iste ya Bruckner, yomwe inapekedwa mu 1869 kuti iimbidwe potsegulira kachisi wa tchalitchi chachikulu chatsopano mumzinda wa Linz ku Austria. Ndi kanyimbo ka mphindi zitatu, ka mawu anayi: sopulano, aluto, tena ndi besi, kopanda chida chilichonse. Wosamutsayo amapatsa cello yoyamba njira ya sopulano, yachiwiri ya aluto, yachitatu ya tena, yachinayi ya besi. Sataya njira ngakhale imodzi. Akaona kuti sopulano yakwera kwambiri, amatsitsa nyimbo yonse pamodzi, koma amasamala, chifukwa nsambo zokhuthala zikalira moyandikana pansi zimamveka ngati phala. Kenaka amalemba pomwe uta utembenukire, ndipo amautembenuza pomwe woimba akadapumira. Chakumapeto kwa nyimboyi Bruckner anaika malo pomwe kwaya yonse imangokhala duu kwa kanthawi isanamalize. Oliza cello nawo amaimitsa mauta awo, duu. Mwachidule, munthuyu amakhala masiku akufunsa funso limodzi: kodi kwaya ikadachita bwanji pamenepa?

Ndiye bwerani kwathu kuno mudzaone momwe ife timasamutsira nyimbo ku chida. Fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, ndalama zikaoneka m'matumba, mpingo umachita pepala la chitukuko, ndipo pamwamba pa mndandanda pamakhala kiyibodi, masipika awiri aakulu ngati mabelo, ndi jenereta. Pitani ku Santhe, ku Chamama, ku Nkhamenya, nkhani yake ndi yomweyi. Achimwene a pa kiyibodi amadina batani, ng'oma ya m'makina n'kuyamba: du, tsa, du, tsa. Dzanja lamanzere limagwira makodi atatu omwewo nyimbo iliyonse, kaya ndi ya Khirisimasi, kaya ndi ya Lachisanu Loyera. Ng'oma ya m'makina sipuma, ndiye oimba nawo saloledwa kupuma. Maikolofoni amakhala awiri, a otsogolera. Amayi a aluto amatsegula pakamwa koma sadzimva okha, ndiye pakapita miyezi amangotsatira sopulano. Abambo a besi amaona kuti sipika ikuwagwirira ntchito, n'kusiya kubwera kokonzekera. Makwaya ena afika pongoika fulashi ya nyimbo yomwe anajambula ku situdiyo, iwo n'kumavina ndi kugwedeza milomo. Magetsi azime pakati pa nyimbo muone: anthu makumi atatu ataima kutsogolo, yunifolomu yokongola, akuyang'anana, palibe wodziwa poyambira.

Tandiuzeni tsono, pa awiriwa walemekeza kwaya ndani? Mlendo wa ku Berlin amene wasunga njira zonse zinayi ndi kapumidwe komwe, kapena ife amene tasunga mawu papepala koma tawakwirira ndi phokoso?

Ena anena kuti nyimbo za m'ma 1800 za ku Ulaya zitikhudza bwanji ife. Tsegulani buku la Nyimbo za Mulungu lomwe lili m'chikwama cha agogo anu. Mang'ombe ambiri m'menemo anapekedwa nthawi imeneyo. John Bacchus Dykes ndi William Henry Monk, omwe mang'ombe awo anatchuka ndi buku la Hymns Ancient and Modern la 1861, Lowell Mason wa ku America, Ira Sankey ndi buku lake la Sacred Songs and Solos, onsewa ndi a nthawi imodzi ndi Bruckner. Nyimbo zomwe timaperekezera nazo maliro kumanda, zomwe zimatigwetsa misozi ngakhale womwalirayo sitimudziwa, zambiri n'zochokera m'gulu lomwelo. Zinafika kuno ku Kasungu ndi mishoni ya Livingstonia, pomwe Dr George Prentice anatsegula siteshoni cha m'ma 1900, ndipo m'zaka za m'ma 1920 siteshoniyo inaperekedwa kwa amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma. Zakhala m'kamwa mwathu zaka zoposa 100. Mwana amene wakulira pakhomo zaka zonsezo simumutchulanso mlendo.

Ndipo pali chifukwa chomwe makolo athu anadziwira kuimba mawu anayi popanda chowathandiza. Mpingo wa Free Church of Scotland, womwe unatumiza amishoni a Livingstonia mu 1875, unali usanalole zida m'tchalitchi. Unadzavomera mu 1883, pambuyo pa mikangano yaikulu. Ngakhale unavomera, ndani akadasenza ogani kupita nayo ku sukulu iliyonse ya m'mudzi? Chomwe amishoni anabweretsa ndi solofa, njira ya do, re, mi yomwe John Curwen anafalitsa ku England kuti anthu wamba aziwerenga nyimbo. Mphunzitsi wa m'mudzi ankalemba pabolodi d, r, m, f, s, ana n'kugawana njira. Bruckner mwiniwakeyo anali mwana wa mphunzitsi wa m'mudzi, ndipo iyenso anayamba ntchito ngati mphunzitsi wa m'mudzi woliza ogani. Akadafika ku Chilanga nthawi imeneyo akadamvana bwinobwino ndi aphunzitsi athu. Chuma chimenechi sichinafune batire kapena petulo, chinkakhala pakhosi pa anthu. Ndi chomwecho tikuchisinthanitsa ndi batani.

Tsopano ndiyankhe ondinena, chifukwa ndikudziwa kuti alipo ndipo ena ali ndi mfundo.

Oyamba akuti pemphero lili m'mawu, ukachotsa mawu watsala ndi chigoba. Mawu ndi ofunika, sindikukana, ndipo sindikunena kuti mpingo usiye kuimba uzingomvera nsambo. Koma nyimbo ya fuko lathu, yomwe Michael Sauka anapeka ndipo tinayamba kuigwiritsa ntchito mu 1964, ndi pemphero kuyambira mzere woyamba. Bandi ya asilikali kapena ya apolisi ikailiza pa 6 Julayi popanda woimba, ndani amakhala pansi n'kumati iyi si nyimbo ya fuko? Tonse timaima nji, zipewa m'manja, mawu akuyenda okha m'mutu. Nyimbo yomwe munthu anayamwira ikamalizidwa ndi chida, mawu sapita kulikonse, amangosamuka pakamwa pa woimba kulowa mumtima mwa womvera. Ndipo inu owerenga Baibulo, pa 1 Samueli 16 paja, Davide ankatani kuti mzimu woipa umuchoke Sauli? Ankaliza zeze. Salimo 150 nalo likutchula zida za nsambo poyera. Amene akuti nsambo sizingapemphere akakangane ndi Davide.

Pali chinanso chomwe ife okonda Chichewa m'gulu lino tiyenera kuvomereza. Mang'ombe a ku Ulayawa ndi mawu athu sagwirizana nthawi zonse. Chichewa chimakweza ndi kutsitsa liwu kuti tanthauzo limveke: mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma khutu limawasiyanitsa. Komanso timakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu, pamene mizere yambiri ya nyimbo za Chingerezi imagunda mwamphamvu pa mphatikizo womaliza. Omasulira anavutika nazo, n'chifukwa chake m'buku la nyimbo muli mawu odulidwadulidwa ndi tizizindikiro tosonyeza kuti apa tameza chilembo. Tinazolowera, timazikonda, koma chilonda chilipo. Nsambo zikaliza mang'ombe omwewo, khutu limamva kwa nthawi yoyamba momwe wopekayo anaganizira, aluto akuyenda chonchi, tena akudutsa chonchi, popanda kulimbana ndi chinenero. Munthu akabwerera kukaimba, amaimba akudziwa zomwe mnzake wa kumbali akuchita.

Achiwiri akuti nyimbo yopatulika siyenera kusinthidwa, ikhale momwe mwiniwake anaisiyira. Abale, mbiri ikutsutsani. Nyimbo ya Khirisimasi ya angelo ija, yomwe pa Chingerezi imatchedwa Hark! The Herald Angels Sing, mang'ombe ake Mendelssohn anawapeka mu 1840 pa chikondwerero chokumbukira Gutenberg ndi makina ake osindikizira mabuku. Munalibe khanda la ku Betelehemu m'menemo. Munthu wina, William Cummings, ndiye anadzaphatikiza mang'ombewo ndi mawu a Charles Wesley mu 1855, Mendelssohn atamwalira kale. Mendelssohn yemweyo anapeka nyimbo ya Salimo 91 ya mawu asanu ndi atatu opanda zida mu 1844, patangopita zaka ziwiri n'kuilowetsa m'nyimbo yake yaikulu ya Elijah ndi gulu la zida. Eni akewo sankaopa kusamutsa nyimbo zawo.

Koma tisapite kutali. Kumpoto kwathu kuno, ku Embangweni m'boma la Mzimba, m'busa Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu a Chingoni ndi Chitumbuka kupeka nyimbo zawo, mpaka kumachititsa mipikisano pa misonkhano yaikulu ya mpingo. Anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anatisiyira nyimbo zomwe zikuimbidwabe, ndipo zina mwa nyimbo za nthawi imeneyo zinatenga mang'ombe a ingoma ndi a miyambo ya m'mudzi n'kuwaveka mawu a Mulungu. Zambiri zili m'buku la Sumu za Ukhristu. Patapita zaka, m'busa wina wa ku Scotland, Tom Colvin, anatenga mang'ombe a kuno n'kuwaveka mawu a Chingerezi, lero azungu akuimba nyimbo za ku Malawi m'matchalitchi mwawo. Ndiye ngati nyimbo ya ingoma inaloledwa kulowa m'tchalitchi, nyimbo ya m'tchalitchi ingaletsedwe bwanji kukwera pa nsambo? Funso lofunika n'lakuti kodi wosamutsayo wamvetsera nyimboyo kapena waipondereza.

Achitatu ndi omwe ali ndi mfundo yolemera kuposa onse. Akuti: iwe, cello ndi ndalama zingati? Anthu akulira feteleza, matenanti akudikira malipiro a chaka chatha, iwe ukuti tigule zida za ku Berlin? Zoona, cello ndi yodula, nsambo zake sizipezeka pa Kasungu boma, ndipo mphunzitsi wake simungamupeze pa Chatoloma. Ine sindikupempha mpingo uliwonse kuti uitanitse cello. Ndikupempha kuti tibe nzeru yake, yomwe ndi yaulere: chida chitsate kwaya, njira iliyonse ikhale ndi mwini wake, ndipo chida chipume pomwe munthu akupuma.

Komanso zoti zida za uta ndi za azungu okha, kanenereni kwina. Ku Kinshasa, Armand Diangienda, mdzukulu wa mneneri Simon Kimbangu, anayambitsa gulu la Orchestre Symphonique Kimbanguiste mu 1994 ndi anthu a mumpingo, ambiri osadziwa n'komwe kugwira uta. Zida zinali zochepa, ankabwerekana. Nsambo ya vayolini ikaduka ankaika waya wa buleki ya njinga, ndipo zida zina zazikulu anazisema okha poonera zakunja. Anthu omwewo anafika poliza Beethoven ndi Handel, ndipo mu 2010 kunatuluka kanema wa Kinshasa Symphony wofotokoza za iwo. Ife kuno tili ndi kaligo, tili ndi bangwe, tili ndi babatoni, chida cha nsambo imodzi chomwe Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi a Madalitso Band achitengera mpaka ku Ulaya, azungu n'kumalipira kuti amve. Ndipo ndi boma lino la Kasungu, ku Wimbe, komwe William Kamkwamba ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi zida za njinga. Mukufuna kundiuza kuti boma lomwe linabala mnyamata ameneyu lilibe kalipentala woti n'kupanga zida zinayi za uta, chaching'ono cha sopulano, chachikulu cha besi, ziwiri zapakati? Sizidzalira ngati za ku Berlin, inde. Zidzalira ngati za ku Kasungu, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Achimwene a pa kiyibodi, musandide. Ndikudziwa kuti ambiri munadziphunzitsa nokha, palibe amene anakulipirirani sukulu ya nyimbo, ndipo mumasenza masipika pa njinga popanda wokuthokozani. Ndikudziwanso kuti makolasi ovina amafuna ng'oma ndipo achinyamata amabwera chifukwa cha zimenezo. Koma ng'oma ya munthu imamvera oimba: woimba akachedwa imamudikira, akalira imafewa. Ya m'makina ilibe makutu. Kiyibodi yomweyo, mutazimitsa batani la ng'oma n'kuliza njira zinayi zomwe zalembedwa mu solofa, ndi ogani yabwinobwino. Mlandu waukulu uli ndi akuluampingo omwe amavomereza mamiliyoni a masipika koma sanaganizepo zolipira munthu mmodzi wodziwa solofa kuti aziphunzitsa ana Loweruka masana.

Chomwe chili pachiswe n'chachikulu kuposa kukoma kwa nyimbo. Pitani pa maliro usiku, nthawi yomwe jenereta yatha mafuta. Mayi mmodzi wa Chigwirizano amayambitsa nyimbo m'nyumba ya siwa, ena n'kulowa pansi pake, abambo panja pamoto n'kuyankha ndi besi, palibe wowaimika mzere, palibe wowapatsa kiyi. Namfedwa amamva kuti sali yekha, chifukwa mawu anayi osiyana akumunyamula pamodzi. Koma taonani nkhope za omwe akugwira aluto ndi tena pamenepo, muwerenge imvi. Anthu amenewa akapita, njira zimenezi zipita nawo, chifukwa ana awo anakula akuimba njira imodzi kumbuyo kwa sipika. Nyumba ya siwa idzatsala ndi fulashi. Luso lomwe linamangidwa zaka 100 likhoza kutha m'badwo umodzi, ndipo silidzagulidwa ndi ndalama za fodya ngakhale mitengo itakwera bwanji ku okushoni.

Ndiye pempho langa ndi ili. Abusa ndi akuluampingo, Lamulungu lililonse pakhale nyimbo imodzi ya m'buku yoimbidwa magetsi atazimitsidwa dala, mpingo wonse, mawu anayi. Sabata zoyamba zidzamveka zomvetsa chisoni, musabwerere m'mbuyo, kumeneko ndiye kudziwa kukula kwa bala. Pa ndalama za chitukuko, musanagule sipika yachitatu, patulani kangachepe ka mphunzitsi wa solofa. Aphunzitsi a makwaya, mukafuna kuika chida pa nyimbo, yambani mwafunsa funso la wosamutsa uja: kwaya ikadachita bwanji pamenepa? Anyamata a magitala, yesani kugawana njira zinayi pa magitala anayi m'malo moti nonse muzikwapula makodi amodzi, mudzadabwa nokha. Ndipo ife a m'gulu lino, omwe timakonda kulemba ndakatulo zolira chikhalidwe chomwe chikutha, tili ndi mafoni m'manja. Pitani kwa agogo aja amene amagwira aluto, muwapemphe aimbe njira yawo yokha, muijambule, mulembe dzina la nyimbo ndi nambala yake m'buku. Pitaninso kwa bambo wa tena muchite chimodzimodzi. Ntchito imeneyi siifuna bungwe kapena thandizo lakunja.

Amene mukutsutsa, malo a ndemanga ali pansipa, bwerani ndi mfundo. Koma musanalembe, Lamulungu likubwerali mukhale kumbuyo kwa tchalitchi chanu, mutseke maso nthawi ya kwaya, muwerenge njira zomwe mukumva. Mukapeza zinayi, mudzandiuze dzina la mpingowo, ndikwera minibasi ndikamve nawo.